Coupe kapena yotsegula denga? Thandizeni, kuzizira kwa ku Aberdeen si kwamasewera

Mngoni wa ku Aberdeen: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndili ndi nkhani ikundisowetsa tulo nde ndati ndiitule pompano poti pali akuluakulu akhalitsa kunja kuno. Chifikireni ndakhala ndikusunga kandalama pang'onopang'ono, pano kakwana mapaundi 8,000, ndipo ndikufuna galimoto yoti ndikaikwera mtima uziti myaa, osati yongondifikitsa kuntchito basi. Ndapeza ziwiri. Ina ndi Audi TT ya 2011 ya denga lolimba, coupe ija, ina ndi Mazda MX-5 ya 2012 ya denga la nsalu lotsegula lija. Mtima uli pa Mazda sindinama, ndinayamba kulota galimoto yotsegula denga ndili ku pulaimale. Koma ndimakhala pa flat, garaja ndilibe, izigona panja mu msewu, ndipo shifiti yanga imayamba 7 mmawa, masiku ena ndimagwira ya usiku. Amene munakhalapo kuno ku Scotland mu January mukudziwa zomwe ndikunena. Kodi nsalu imeneyi ingapirire chisanu cha kuno? Kapena ndingotenga coupe maloto aja ndiwaiwale?

Mai a Chisomo (Glasgow): Achimwene funso loyamba, imeneyi ikhala galimoto yanu yokhayo kapena muli ndi ina?

Mngoni wa ku Aberdeen: Yokhayo asisi. Panopa ndikuyendera basi.

Mai a Chisomo (Glasgow): Nde ine ndikuti coupe, ndipo sindikuchita kuganiza kawiri. Mu 2018 kumapeto kwa February, nthawi ya chimphepo cha snow chija ankachitcha Beast from the East, anthu anagona mu msewu wa M80 usiku wonse magalimoto atatsekeredwa ndi snow, ine tsiku limenelo ndinali pa ntchito ndipo sindinabwerere kunyumba mpaka mawa lake madzulo, amene amayenera kutilandira analephera kufika. Kuyambira pamenepo galimoto ndimaiona mosiyana. Ntchito zathuzi zosamalira anthu sungaimbe foni kuti pepani kwagwa snow sindibwera, agogo aja akudikira mankhwala awo. Kagalimoto kotsegula denga nkabwino kwa munthu amene ali ndi ina yodalira, tsiku loipa amakasiya kali chikhalire.

aChisale (Manchester): Asisi ndikumva nkhawa yanu koma ndiloleni ndiikire kumbuyo nsalu, chifukwa anthu ambiri amaiweruza asanaikwerepo. Ine ndayenda ndi MX-5 nyengo zozizira zinayi tsopano, imagona panja, ndipo chomwe anthu sadziwa nchoti mkati mwake mumafunda msanga kuposa magalimoto akuluakulu. Kachipinda kake nkakang'ono, mipando iwiri basi, hita ikangoyamba kutulutsa mpweya wotentha pakapita mphindi zochepa wayamba kuvula jekete. Galasi la kumbuyo la mtundu wa 2012 ndi galasi lenileni lokhala ndi mawaya ake otenthetsa, si pulasitiki ija ya magalimoto akale imene imachita chikasu nkumang'aluka kukazizira. Anthu akamva nsalu amaganiza za tenti ya pa maliro yodontha ija, ayi ndithu si choncho. Ndipo tsiku la dzuwa mu February, kuli zii mitambo kulibe, wavala chipewa, hita ili mmiyendo, denga watsitsa, amwene chimenecho coupe singakupatseni ngakhale mutaigula ya ndalama zingati.

Mai a Chisomo (Glasgow): Manchester si Aberdeen achimwene.

aChisale (Manchester): Zoona, kumeneko kumazizira kuposa kuno, sindikutsutsa. Koma mvula nde tili nayo yambiri, ndipo pa nkhani ya nsalu mvula ndi imene imavuta kuposa kuzizira.

Ankolo a ku Leeds: Mphwanga, ndawerenga zonse. Ine ndagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri kuno ndipo ndikuuze kuti nonse mukuyang'ana kumwamba pamene nkhani ili pansi. Denga silinapheko galimoto kuno. Chimene chimapha galimoto ndi mchere. Kuyambira cha mu October mpaka cha mu April magalimoto a khonsolo aja amawaza mchere mmisewu kuti madzi asaundane, ndipo kwanuko amawaza kwambiri kuposa kuno, kuwonjezera apo mzinda wanu uli mphepete mwa nyanja ya mchere, mpweya wake womwe ndi wachinyezi chamchere. Mchere umenewu umakamatira pansi pa galimoto, mmakona momwe matope amakhala, nkumadya chitsulo mwakachetechete. Pamwamba penti ili phuliphuli, pansi ukagogoda ndi sikulu dalaiva imalowa ngati mu buledi. MX-5 ndi galimoto yabwino, injini yake sivuta, koma aliyense amene amazikonza amadziwa kuti pofunika kuyang'anitsitsa ndi mmunsi mwa zitseko, makamaka chakumbuyo pafupi ndi tayala, ndi mmphepete mwa momwe tayala la kumbuyo limalowa. Pa galimoto yopanda denga lolimba zitsulo za mmunsi mwa zitsekozi ndi zimene zimagwira thupi lonse, zikawola galimoto yatha msana. Ndipo pa MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pa msewu, dzimbiri lobowola likapezeka mkati mwa masentimita 30 kuchokera pomwe pamangidwa lamba wa mpando, sasipenshoni kapena chiwongolero, galimoto yalephera, palibe kukambirana.

Mngoni wa ku Aberdeen: Ankolo mwandiopsa. Nde Audi ilibe vuto limeneli?

Ankolo a ku Leeds: TT ya zaka zimenezo thupi lake mbali yaikulu ndi aluminiyamu, chitsulo chili chakumbuyo, nde pa dzimbiri ili ndi mwayi. Koma zapansi monga mikono ya sasipenshoni, masipuling'i, mapaipi a mabuleki ndi ekizozi zimadyeka chimodzimodzi, ndiponso ikagundidwa aluminiyamu si aliyense wa mapanelo amaikhoza, mtengo umakwera. Chita izi usanapite kukaona iliyonse: tenga nambala ya galimoto ulowetse pa webusaiti ya boma yoonera mbiri ya MOT, ndi yaulere. Uona chaka ndi chaka zomwe oyeza analemba. Ukaona mawu oti corrosion akubwerezedwa chaka chino, chaka chamawa, kenako nkusowa mwadzidzidzi, funsa kuti anakonza ndani ndipo anawotcherera chitsulo kapena anangopaka phula wakuda pamwamba.

NaBanda (Montreal): Moni kwa onse kuchokera kuno komwe kuzizira kumafika 20 pansi pa ziro osachita kudabwa. Ndimafuna ndiwonjezere pa zomwe anena ankolo. Pansi pali dzimbiri inde, koma palinso matayala, ndipo kwa ine ndi nkhani yoyamba. Kuno ku Quebec ndi lamulo, kuyambira pa 1 December mpaka pa 15 March galimoto iyenera kukhala ndi matayala a nyengo yozizira, apo ayi ulipira faindi. Kwanuko ndamva kuti lamulo lotere kulibe nde anthu amangoyenda ndi matayala omwewo chaka chonse nkumadabwa kuti bwanji galimoto ikuvina. Labala wa tayala la nthawi yotentha amauma kukazizira kufika cha pa madigiri 7 kutsika mmunsi, sagwiranso msewu bwino ngakhale snow kulibe. Yang'anani chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kaduwa ka snow mkati pambali pa tayala. Ine ndaonapo ndi maso anga magalimoto akuluakulu okoka ndi matayala onse anayi ali mu ngalande, kagalimoto kakang'ono ka matayala oyenera kakudutsa bwinobwino.

Mngoni wa ku Aberdeen: Nde pamenepo mwandikumbutsa, Audi ija ndi quattro, yokoka ndi matayala onse anayi, wogulitsa akuti pa snow simva kanthu.

NaBanda (Montreal): Quattro imakuthandizani kunyamuka ndi kukwera chitunda. Poima sikuthandizani chilichonse, mabuleki magalimoto onse ali nawo pa matayala anayi. Ndipo anthu amachita ngozi poima ndi pokhota, si ponyamuka ayi.

aChisale (Manchester): Apa ndivomereze chinthu chimodzi kuti ndisaoneke ngati ndikungokometsa. Mazda imakankha ndi matayala a kumbuyo ndipo ndi yopepuka, kungopitirira pang'ono tani imodzi, nde pa ayisi ndi matayala wamba kumbuyo kumafuna kutsogola ukaponda mafuta mwaphuma. Chaka choyamba ndinaziona pa raundabauti mmawa wina. Nditaika matayala oyenera zinasintha kwambiri. Koma munthu amene sanayendetsepo pa ayisi, galimoto yokoka ndi kutsogolo kapena ndi onse anayi imakhululuka msanga ukalakwitsa, chimenecho sindingabise.

Wa pa Joni: Ine zanga ndi zina, kuno Johannesburg mu June ndi July mmawa galasi limachita chisanu choyera koma pofika 10 koloko dzuwa latuluka, nde yotsegula denga nyengo yozizira ndi pomwe imakoma, nthawi yotentha dzuwa limakuwotcha pamutu ndipo masana kumabwera matalala. Koma chomwe ndimaopa ine pa nsalu ndi mpeni. Galimoto yogona mu msewu, munthu akangoona chikwama pa mpando sachita kuvutika ndi loko. Kaya kwanuko zili bwanji.

Mai a Chisomo (Glasgow): Zimachitika kunonso, makamaka Loweruka usiku anthu akuchokera komwa. Ena samaba nkomwe, kungowononga basi.

Mngoni wa ku Aberdeen: Msewu wathu ndi wa phee ndithu, koma mfundo ndaimva.

Ankolo a ku Leeds: Mphwanga tandiuza, Audi yo ndi ya petulo kapena dizilo? Chifukwa wati 2011 komanso quattro, ndikukayikira china chake.

Mngoni wa ku Aberdeen: Ndaonanso pa malonda paja, alemba 2.0 TDI. Dizilo. Wogulitsa amati ndi ubwino wake, simwa mafuta.

Ankolo a ku Leeds: Ndimadziwa. Imeneyo isiye. Aberdeen ili ndi Low Emission Zone pakati pa tauni, dera lomwe magalimoto otulutsa utsi wambiri saloledwa kulowa, anayamba kulipiritsa pa 1 June 2024, tsiku limodzi ndi Edinburgh, pamene Glasgow inayamba mu June 2023. Dizilo imafunika ikhale ya mulingo wa utsi wa Euro 6, zomwe kawirikawiri ndi magalimoto oyambira cha mu September 2015, yako ya 2011 ndi Euro 5, siloledwa. Ndipo ku Scotland si ngati ku London komwe umalipira ya tsiku nkulowa, kumeneko ukalowa ndi chilango, mapaundi 60 koyamba, ukabwereza chimawirikiza. Petulo amangofuna Euro 4, nde Mazda ya 2012 ilibe vuto, TT ya petulo ya chaka chomwecho ilibenso vuto. Chachiwiri, dizilo ya masiku ano ili ndi sefa ya utsi imene imafuna ulendo wautali kuti izidziyeretsa, iweyo ulendo wako wa kuntchito ndi wa mphindi zingati? Ngati ndi 15 mmawa kozizira injini isanatenthe nkomwe wafika, sefa ija izitsekeka. Komanso dizilo imachedwa kutenthetsa hita. Pa zomwe wafotokoza dizilo si yako.

Mngoni wa ku Aberdeen: Eee ankolo mwandipulumutsa, njira yanga ya kuntchito imadutsa cha ku Union Street komweko. Wogulitsa sananene chilichonse za zimenezi.

Mai a Chisomo (Glasgow): Nchifukwa chake mtengo unali wokoma. Koma musathamangire ku nsalu chifukwa cha zimenezi, TT za petulo zilipo zambiri. Ndipo ganizirani katundu achimwene. Mukapita kogula ufa wa nsima, thumba la makilo 10, mafuta, mpunga, nyemba, nanga tsiku lopita ku eyapoti ndi masutikesi awiri a makilo 23 opita kumudzi? Nanga wina akabwera kudzakuonani?

aChisale (Manchester): Buti ya MX-5 ya mtundu umenewo ndi malita 150, ufa ndi zogula za sabata zimalowa, sutikesi yaikulu ya kumudzi siilowa, imakhala pa mpando wa pasenjala. TT coupe ndi malita 290 ndipo ukagwetsa timipando ta kumbuyo imafika 700, chitseko chake cha kumbuyo chimatseguka chonse ndi galasi lomwe. Apa asisi apambana. Koma timipando ta kumbuyo ta TT musawerengere kuti mukhala munthu wamkulu, mutu umagunda galasi.

Wa ku Area 25: Mabwana ine ndikuwerenga ndili ku Lilongwe kuno kukutentha. Funso langa ndi loti mukadzatopa nayo mudzaitumiza kuno? Chifukwa ngati ndi choncho ganizirani fumbi la mu September ndi mabampu athu. Yotsegula denga pa msewu wa ku Salima kapena kukwera Zomba ingakome heve, koma zonse ziwirizi ndi zogwada pansi, ndipo galimoto ikakhala yakale msonkho wake pa boda umakweranso.

Mngoni wa ku Aberdeen: Ayi amwene, imeneyi ndi ya konkuno. Ya kumudzi tidzaona ina yokwera.

NaBanda (Montreal): Ndibwererenso ku funso lanu lenileni la nsalu, chifukwa bambo a kunyumba anali nayo yotsegula denga zaka zitatu tisanakhale ndi ana, ndipo ndinaphunzira zambiri. Kuzizira pakokha nsalu sikuiwononga ngati uisiya chitsekere. Imawonongeka ukamaipinda itauma gwa ndi chisanu kapena ili yonyowa. Nde lamulo lathu linali loti kukakhala ayisi pamwamba denga silitsegulidwa, ndipo likanyowa liyambe lauma kaye. Snow ikaunjikana pamwamba umachotsa ndi bulashi yofewa kapena ndi dzanja uli ndi magolovesi, kachitsulo kapena kapulasitiki kopalira galasi kaja osakayandikitsa pa nsalu. Madzi otentha osathira, pa galasi pomwe osathira, limasweka. Zonsezi si zovuta, koma ndi ntchito ya mmawa uliwonse, ndipo inu mukunena za 6 koloko mmawa kuli mdima, manja achita dzanzi, mukuthamangira shifiti. Denga lachitsulo umangokankha snow nkumapita. Ifeyo mapeto ake tinkaiimika mu November mpaka April, koma kuno nyengo yozizira ndi ina, kwanuko sikufika pamenepa.

aChisale (Manchester): Ndiwonjezere ziwiri zomwe eni ake amazidziwa. Choyamba ndi timipopi totulutsa madzi. Mvula ikagwa pa nsalu madzi amatsikira mmbali kuseri kwa mipando nkutulukira pansi kudzera mu timabowo. Masamba a mu October akatseka timabowo timeneti madzi amasefukira mkati, kapeti imanyowa, magalasi amachita nthunzi mkati osatha, ndipo kukazizira nthunzi ija imaundana mkati mwa galasi, umapala kunja ndi mkati momwe. Ambiri amati denga likudontha pamene ndi masamba chabe. Ine ndimatsukuluza kawiri pa chaka ndi kabulashi kakatali kopindika. Chachiwiri ndi ndere. Galimoto yogona pansi pa mtengo kapena mbali yosafika dzuwa nsalu imamera ndere zobiriwira ngati mwala wa kudambo. Umatsuka ndi sopo wake wapadera nkupaka mankhwala oletsa madzi kulowa kamodzi pa chaka. Ndipo ku makina otsukira magalimoto a mabulashi aja kapena paipi ya mphamvu ija pafupi ndi malabala, ayi.

Ankolo a ku Leeds: Zoona zonsezo. Ndipo pali china chimene chimagwira onse awiri, coupe ndi yotsegula yomwe. Zitseko zake zilibe felemu pamwamba, galasi limakakhudza labala mwachindunji. Usiku kukaundana galasi limamatirira ku labala, ndipo pa magalimoto ngati TT galasi limayenera kutsika pang'ono lokha ukamatsegula chitseko, likamatirira chitseko chimavuta kutsegula kapena chimakana kutsekeka bwino. Mankhwala ake ndi otchipa, kabotolo ka silikoni kopaka malabala, upake mu October ubwerezenso mu January. Usakoke ndi mphamvu, ung'amba labala. Batire nayonso uiyezetse, kuzizira kumaifoola, ndipo maulendo afupiafupi uli ndi magetsi, hita, mawaipa zonse zoyaka saibwezeretsa mphamvu.

Mai a Chisomo (Glasgow): Ndipo chonde achimwene, chizolowezi chija choliza galimoto nkubwerera mnyumba kukamwa tiyi kuti izitentha yokha, musachiyambe. Akuba amadikira zomwezo mmawa wachisanu, ndipo a inshuwalansi akamva kuti makiyi anali momwemo kawirikawiri salipira.

Mngoni wa ku Aberdeen: Mwatchula inshuwalansi, ndiyenera kunena kuti laisensi ya kuno ndangoitenga chaka chatha. Ya kumudzi inagwira miyezi 12 yoyamba ija basi kenako ndinachita kulemba mayeso.

Wa pa Joni: Anzathu a laisensi ya South Africa ndi Zimbabwe amangosinthitsa osalemba, ya kwathu nde ayi.

Ankolo a ku Leeds: Nde usanalipire kalikonse, ika manambala a magalimoto onse awiri pa mawebusaiti ofananitsa mitengo ya inshuwalansi uone. Kwa iwo ndiwe dalaiva watsopano ngakhale unayendetsa zaka khumi pa M1 wa kwathu, ndipo galimoto yamasewera yogona mu msewu amaiwerengera mokwera. Mwina mtengo umenewo ndi umene ukusankhire. Ndipo pa 8,000 yakoyo usathere yonse pa galimoto. Patula ya matayala anayi, ya inshuwalansi, ya msonkho wa msewu, ndi ya kutsukitsa pansi nkupopera mafuta oteteza dzimbiri chisanu chisanayambe.

NaBanda (Montreal): Koma ine ndifunse mwina, pa chaka masiku angati amene mudzatsegule dengalo kumeneko? Funso lenileni, si kunyoza ayi.

Mngoni wa ku Aberdeen: Asisi funso limeneli ndadzifunsa kambirimbiri. Mu December kuno dzuwa limalowa cha mma hafu 3 masana, ndimapita kuntchito kuli mdima kubwerako kuli mdima, ndipo chaka changa choyamba zinandisokoneza mutu kwambiri, ndinkangokhala mnyumba osafuna kuyankhula ndi munthu. Koma mu June kumawala mpaka 10 koloko usiku. Tsiku lina mnzanga wa kuntchito ananditenga pa msewu wa A93 kudutsa Banchory, Ballater mpaka Braemar, mapiri aja ndi mtsinje wa Dee mmbali, ndinakumbuka msewu wa kwathu wochoka ku Ntcheu kukwera ku Dedza nthawi ya June mphepo ikuwomba. Ndinati ndikadzapeza galimoto ndizibwera kuno ndikaweruka, denga lili chotsegula, ndizipuma mpweya. Mwina ndi masiku 30 pa chaka, mwina osakwana. Koma ndi masiku amenewo amene ndikusungira ndalamayi, si a January ayi.

Mai a Chisomo (Glasgow): Apa nde ndakumvani achimwene. Mdima wa kuno tonse unatipweteka chaka choyamba. Sindikusintha maganizo pa za shifiti, koma ndamva chomwe mukufuna. Braemar yomweyo mukuitchulayo ndi komwe kunazizirapo kufika 27.2 pansi pa ziro mu 1982, ndipo kupitirira pang'ono kulowera ku Glenshee kuli mageti otseka msewu snow ikachuluka, nde kumeneko muzipita nthawi yotentha yomweyo.

aChisale (Manchester): Amwene nde bwanji osayang'ana ya pakati? MX-5 ya mtundu womwewo ilinso ndi ina imene kuno amaitcha Roadster Coupe, inayamba mu 2006. Denga lake ndi lolimba koma limapindika lokha ndi batani, masekondi 12 lalowa kuseri kwa mipando, ndipo buti siichepa, imakhala malita 150 omwewo. Kulemera kumangowonjezereka pang'ono, osafika makilo 40. Mpeni sulowa, ndere zilibe pomera, snow mumangokankha, phokoso pa msewu waukulu limachepako. Mu January ndi coupe, mu June ndi yotsegula.

Ankolo a ku Leeds: Imeneyo ndingakuvomereze mphwanga, koma ndi maso otsegula. Denga lopindika lili ndi timamota, timaswichi ndi malabala ambiri, nde pokaona ulitsegule ndi kulitseka katatu kanayi, umvetsere ngati likukakamira kapena mbali imodzi ikutsalira. Timabowo ta madzi tija ilinso nato. Ndipo pansi ndi chimodzimodzi ndi ya nsalu, dzimbiri silisankha. Ikadali yokankha ndi kumbuyo, ikadali yogwada, snow ikafika mmawondo palibe tayala lingakuthandize, mimba ya galimoto imakhala pa snow matayala nkumazungulira mmalere. Tsiku lotero ukwere basi kapena unyamuke wapansi msanga. Koma masiku otero mkati mwa tauni si ambiri, misewu ikuluikulu amaiwaza msanga.

Mai a Chisomo (Glasgow): Ine ndikanali pa TT ya petulo. Mipando yotenthetsa, buti yaikulu, kukoka ndi kutsogolo. Koma ngati mwatsimikiza za Mazda, lonjezani pa gulu pano kuti matayala mugula sabata yomweyo, osati kudikira malipiro a mwezi wamawa. Ndipo mu buti muzikhala bulangeti, tochi, kafosholo ndi chaja ya foni.

NaBanda (Montreal): Ndipo snow yoyamba ikagwa mupite pa malo oimika magalimoto opanda anthu mmawa, muyese kunyamuka ndi kuponda mabuleki pang'onopang'ono kuti thupi lizolowere momwe imachitira. Kuno aliyense watsopano timamuuza zomwezo.

Wa pa Joni: Komanso gulani pano kukuzizira, yotsegula denga anthu amaifuna dzuwa likatuluka, nthawi ino wogulitsa amamva ukamanenerera.

Mngoni wa ku Aberdeen: Zikomo nonse, sindinayembekeze kuti mungandithandize chonchi. Dizilo ija ndamuuza mwini wake kuti ayi. Madzulo ano ndafufuza ndapeza Roadster Coupe ya 2011 ya petulo cha ku Dundee, komanso TT ya 1.8 petulo ku Perth, zonse zili mkati mwa ndalama yanga matayala nditapatula kale. Inshuwalansi ndayesa, kusiyana kulipo koma si koti nkundithawitsa. Mbiri ya MOT ya Mazda yo pali chaka chimodzi chomwe analemba za dzimbiri la pamwamba pa zitsulo za sasipenshoni ya kumbuyo, zina zonse ndi za matayala ndi mababu. Loweruka ndili ofu, ndikwera sitima ndikaone zonse ziwiri tsiku limodzi poti Dundee ndi Perth nzoyandikana. Asisi a ku Glasgow lonjezo la matayala ndapanga, gulu lonse ndi mboni. Ankolo kodi cha mma 11 koloko mudzakhala pafupi ndi foni? Ndikufuna ndikuimbireni pa vidiyo ndili pansi pa galimoto muone nokha.

Ankolo a ku Leeds: Ndidzakhalapo. Utenge tochi yowala bwino, katoni yogonera pansi, ndi kamaginito kakang'ono kokulunga mu kansalu, ukadutsitsa mmunsi mwa zitseko za Mazda chakumbuyo pomwe sikakugwira ndiye kuti anamata phala. Pa TT maginito usavutike nayo, aluminiyamu siigwira. Umuuze wogulitsa asailize usanafike, ndikufuna tiimve ikudzuka injini ili yozizira. Ndipo usanagwade pansi uyambe wasuntha mipando upise dzanja pa kapeti ya kuseri kwake, undiuze ngati pali ponyowa.